Moto wa Indiketa Umadzera Kuti?

Nyale ina iliyonse ikayamba kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, timati yawonongeka ndipo timaitana wokonza. Indiketa yokha ndiyo imakhala ili bwino ikamachita zimenezo. Ikayaka osazima, yadwala. Ikazima osayakanso, yadwalanso. Nanga chimene chimaiuza kuti tsopano yaka, tsopano zima, n'chiyani? Chili m'babu? Chili m'kamtengo kaja timakankha ndi chala kuseri kwa chiwongolero? Kapena chili kwina kumene maso athu safika?

Mafunsowa anandibwerera chifukwa cha Morris Minor 1000 ya amalume anga, yopangidwa mu 1967, imene indiketa yake yakumanzere inaleka kugwira ntchito pamene yakumanja inkathwanima bwinobwino. Galimoto za mtunduwu zinayamba kupangidwa mu 1948 ku Cowley, mumzinda wa Oxford ku England, ndipo zomaliza zinatuluka mu 1971. Anazijambula ndi Alec Issigonis, yemwe pambuyo pake anajambulanso Mini. Zina zinafika kuno m'nthawi ya Nyasaland ndi m'zaka zoyambirira za ufulu, ndipo poti nafenso timayenda kumanzere kwa msewu, zinabwera momwe zinalili, chiwongolero chili kumanja. Ya amalume imakhala m'galaja masiku ambiri, koma imatuluka Lamulungu ndi pamaukwati. Bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi a galimoto, amene anayamba ntchitoyi galimoto zotere zidakali zambiri pamsewu, anaiona n'kunena kuti siwichi yatha, ifunika ina. Ine ndinapempha kuti tsiku loikonzalo ndikhale pambali pawo, ndizifunsa.

"Bambo, bwanji osangotulutsa dzanja pawindo monga ankachitira kale?"

Sindinkafunsa mocheza. Zizindikiro za dzanja zilipo ndithu: kutambasula mkono ndiye kuti ndikukhotera kumanja, kuuzunguliza ndiye kuti ndikukhotera kumanzere. Galimoto yoyenda kamodzi pamlungu, ndinkaganiza, ingathe kuyenda choncho.

"Achemwali," anatero, "dalaivala amakhala kumanja. Wa kabaza amakhala mbali iti?"

Amakhala kumanzere, m'mphepete mwa tala, mwina atanyamula mayi wobereka mwana kapena thumba la makala. Mkono wa dalaivala uli kuseri kwa galimoto yonse, iye sauona. Usiku sauona aliyense, ndipo mvula ikamagwa windo limakhala lotseka. Ndiye kuti nyale imene inafayo inali ya munthu amene alibe chitsulo chilichonse chomutchinga. Dalaivala amadziwa kale kumene akupita, ndipo galimoto ikhoza kukhota popanda nyale ina iliyonse. Pa zinthu zonse za m'galimoto, indiketa ndi chimodzi mwa zochepa zimene anazipangira anthu akunja. Mwina n'chifukwa chake imachedwa kukonzedwa. Injini ikatsokomola, mwini galimoto amathamangira ku galaja tsiku lomwelo. Indiketa ikafa, ambiri amaikumbukira nthawi yokayezetsa galimoto kuti ipeze COF. Zimenezi sindikuziona bwino.

Ndinafunsanso ngati galimoto zinali ndi nyalezi kuyambira pachiyambi. Ayi. Ku America, kampani ya Buick inayamba kuika indiketa zothwanima pa galimoto zake mu 1939. Ku Britain kunali njira ina imene inakhalitsa: kadzanja kachitsulo kokhala ndi kanyale mkati, kobisika m'mbali mwa galimoto, kamene kankadzuka n'kuloza kumene dalaivala akukhotera. Morris Minor inakhala ndi timanja totere mpaka 1961. Bambowa anati ankativutikira kwambiri, chifukwa fumbi likalowa tinkakana kudzuka, ndipo tikadzuka nthawi zina tinkakana kugona. Ya amalume inabadwa timanjato titasiyidwa kale. Ili ndi nyale kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso kamtengo pansi pa chiwongolero kokhala ndi kanyale kobiriwira kunsonga kwake, kamene kamaphethira limodzi ndi nyale zakunja.

Funso limene linkandivuta kwambiri linali ili: adziwa bwanji kuti ndi siwichi, chikhalirecho sanaitsegule? Bwanji osati babu? Bwanji osati fyuzi? Apa ndipo ndinaona kuti ntchito yeniyeni inachitika sipanala isanagwidwe.

Anandiuza kuti nditsatire moto ndi chala. Umachoka ku batire n'kupita ku kiyi. Kiyi akatembenuzidwa, umadutsa pa fyuzi. Galimoto yonseyi ili ndi mafyuzi 2 okha, ndipo amene amadyetsa indiketa ndi yemweyo amadyetsa mawaipa ndi nyale za mabuleki. "Ndiye mawaipa akamayenda, fyuziyo mumusiye, alibe mlandu." Kuchoka pa fyuzi moto umalowa m'kachitini kakang'ono kotchedwa fulasha, kenako umafika pa siwichi, ndipo siwichi imautumiza kumanzere kapena kumanja. Anati ndiganize za ngalande ya m'dimba pamene yagawikana pawiri: mlimi amatseka mbali imodzi ndi dothi, madzi onse n'kulowera mbali inayo. Siwichi ilibe nzeru ina koposa imeneyo.

Ndiye ngati kumanja kukuthwanima, batire ali bwino, kiyi ali bwino, fyuzi ali bwino, fulasha ali bwino, pakuti mbali zonse ziwiri zimadyera pamenepo. Vuto liyenera kukhala pogawikanapo kapena kutsogolo kwake. Mababu akumanzere, lakutsogolo ndi lakumbuyo, anawachotsa n'kuwayesa kumanja, ndipo onse anayaka. Anapala dzimbiri pamene nyale zimagwira thupi la galimoto. Ndinafunsa kuti dzimbiri likukhudzana bwanji ndi magetsi. Anati moto ukapita uyenera kubwerera, ndipo m'galimoto umabwerera kudzera m'chitsulo cha thupi lake, chimene amakaniko amati ethi. Ethi akachita dzimbiri, moto umafuna njira ina yobwererera, n'kudzera m'babu lina lapafupi. N'chifukwa chake pamsewu timaona galimoto imene ikaindiketa, nyale ya buleki nayonso imaphethira mofooka. Siwichi zambiri zabwinobwino, anatero, zinatayidwa chifukwa cha dzimbiri la pa kabawuti kamodzi.

Chomaliza chinali chosavuta kuposa zonse. Pansi pa dashibodi pamene mawaya a siwichi amalumikizana ndi a galimoto, anasolola waya wochokera ku fulasha n'kuugunditsa mwachindunji ku waya wopita kumanzere. Nyale zakumanzere zinayamba kuthwanima. Siwichi itachotsedwa panjira, zonse zinayenda. Ndinafunsa chifukwa chake amakaniko ena sachita zimenezi, amangogula chinthu chatsopano n'kuyesa mwayi. Anangoti kuyesa kumafuna nthawi, ndipo amene amalipira chinthu chatsopanocho ndi mwini galimoto.

Apa ndinazindikira kuti funso langa loyamba lija linali lisanayankhidwe. Nyale zinathwanima popanda siwichi, ndiye kuti kuthwanimako sikukhala m'siwichi. Kumakhala m'kachitini kaja. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kamene moto ukadutsa kamatentha n'kusuntha, kakazizira n'kubwerera, ndipo posunthapo kamalumikiza ndi kudula njira ya moto. Kaphokoso ka "thi, tha, thi, tha" kamene timamva ndi kachitsuloko kakugunda. Ndinafunsa ngati galimoto za masiku ano zilinso nako, poti nazonso zimalira choncho. Zambiri zilibe. Kompyuta ndiyo imayatsa ndi kuzimitsa, ndipo kaphokosoko amachita kukapanga dala kuti dalaivala akumbukire kuti indiketa ikuyaka.

Liwiro la kuphethirako limadalira kuchuluka kwa moto wodutsa. Babu lililonse la indiketa ndi la mawati 21. Awiri a mbali imodzi ndi mawati 42, amene pa batire wa mavolti 12 amakoka maampu 3.5, ndipo fulasha anamupangira katundu wotero kuti aziphethira pakati pa maulendo 60 ndi 120 pa mphindi. Babu limodzi likapsa, katundu amachepa ndipo kaphethiridwe kamasintha, motero dalaivala wotchera khutu amadziwa kuti kunja kwavuta asanatuluke n'komwe. Ndinafunsa kuti bwanji osaikamo mababu a LED, poti amawala kwambiri ndipo sapsa msanga. Anati amakoka moto wochepa kwambiri moti kachitsulo kaja sikatentha mokwanira, nyale sithwanima bwino. Wofuna LED asinthenso fulasha, aike wamakono. Ndipo pagalimoto iyi palinso china choti aganizire, chimene ndinachimva titafika pa batire.

Siwichi yatsopano inachokera ku Britain, kumene anthu okonda galimotozi adakali ambiri ndipo ali ndi bungwe lawo, Morris Minor Owners Club, moti zida zake zimapangidwabe. Inabwera ndi mawaya a mitundu yosiyanasiyana, popanda pepala lofotokoza. Adziwa bwanji waya woti apite uku ndi woti apite uko? Anati mitunduyo ndiyo pepala lake. Galimoto za ku Britain za nthawi imeneyo, zambiri mwa izo zokhala ndi zida zamagetsi za kampani ya Lucas ya ku Birmingham, zinkatsata ndondomeko imodzi. Waya wobiriwira ndi moto wodzera pa kiyi ndi pa fyuzi. Wobiriwira wokhala ndi mzere woyera ndi indiketa yakumanja. Wobiriwira wa mzere wofiira ndi yakumanzere. Wobiriwira motuwirako wa mzere wabulawuni ndi uja wochokera ku fulasha. Wakuda ndi ethi. Munthu akaidziwa ndondomekoyi pa Morris, waidziwanso pa Austin ndi pa Land Rover zakale. Chovuta n'chakuti m'zaka zoposa 50 mitundu imafwifwa, ndipo manja ambiri amakhala atadutsapo, wina n'kulumikiza ndi waya wa nyumba umene anali nawo pafupi. N'chifukwa chake asanasolole waya aliyense anandipempha kuti ndijambule ndi foni, ndipo iwo anamanga katepi pa uliwonse n'kulembapo.

Kenako anatsegula boneti n'kuyamba kumasula chingwe cha batire cha pa chizindikiro cha +. Izi zinandidabwitsa, chifukwa aliyense amati uyambe ndi cha pa −. Anati lamulo lenileni ndi lakuti uyambe ndi chingwe chimene chamangidwa ku thupi la galimoto. Ukamamasula chimenecho, sipanala ikagunda chitsulo palibe chimachitika, pakuti mbali zonse ziwirizo n'zolumikizana kale. Ukayamba ndi chinacho, sipanala ikagunda thupi pamachitika shoti yoti ikhoza kukuwotcha dzanja. Galimoto za masiku ano zimamangirira − ku thupi, koma zambiri za ku Britain za zaka zimenezo zinkamangirira +, ndipo ya amalume idakali choncho. Eni ena anazitembenuza kuti aike wailesi yamakono, motero munthu asamangokhulupirira chaka cha galimoto, ayang'ane chingwecho kumene chapita. Babu wamba ndi fulasha wakale sasamala kuti moto ukulowera mbali iti. LED ndi fulasha wamakono zimasamala, ndipo zikalumikizidwa mozondoka zimakana kugwira ntchito kapena zimapsa.

Koma kiyi ali m'thumba, ndinatero, batire achotsedwerenji? Chifukwa waya wa hutala amakhala ndi moto nthawi zonse, kiyi alipo kapena palibe, ndipo amadzera pamalo omwewo amene tikufuna kugwirapo.

Kuti siwichi ioneke, chiwongolero chinayenera kuchoka. Ichi n'chimene chinkandiwopsa: kumasula chinthu chimene moyo wa anthu umadalira chifukwa cha kamtengo kotalika ngati pensulo. Anayamba aimika matayala akutsogolo molunjika. Anachotsa chodinira hutala cha pakati, pansi pake n'kuoneka nati yaikulu. Asanaimasule anakanda kachizindikiro pa chiwongolero ndi pa mtengo wake, chifukwa ziwirizi zimalumana ndi timano tambiri, ndipo munthu akalumpha dzino limodzi pobwezera, galimoto imayenda molunjika chiwongolero chili chopendekera. Natiyo anaimasula koma sanaichotseretu. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati chiwongolero chimene chakhala malo amodzi zaka zambiri chimakakamira, ndiye munthu amakoka ndi mphamvu zonse, ndipo chikamasuka mwadzidzidzi chimam'menya pakamwa. Nati yosiyidwa kunsonga imachigwira. Anachigwedeza uku ndi uku, n'kuchimenya ndi zikhatho kuchokera pansi, mpaka chinalola. Nyundo anaikana, chifukwa imaphwanya mazinga a nati ndiponso imaswa chiwongolero chakale.

Chivundikiro chapulasitiki chitachoka, siwichi inaoneka itakumbatira paipi ya chiwongolero, yomangidwa ndi timasikuluu. Ataitulutsa ndinapempha kuti ndione mkati. Munali zinthu zochepa: tizitsulo tamkuwa togundana, kasipuling'i, ndi timanja tiwiri tapulasitiki. Mkuwa wa mbali yakumanzere unali utada ndi kudyeka, girisi atauma n'kusanduka chikhakha, ndipo pulasitiki yogwira mkuwawo inali itang'aluka, moti kamtengo kakakankhidwa tizitsulo tinkaphonyana. Chinthu chimene chakankhidwa pamphambano iliyonse kuyambira 1967 chinali ndi chifukwa chotopera.

"Bambo, siikanakonzeka imeneyi?"

Anati mkuwa ukangoda amaupala ndi sandipepa wosalala, n'kupakapo girisi pang'ono, siwichi n'kuyendanso zaka. Waya akaduka amauwotcherera. Koma pulasitiki yakale ikang'aluka pamalo amene imalandira mphamvu, guluu amagwira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako amasiya, ndipo amasiya galimoto ili pamsewu. Komabe yakaleyo sanaitaye. Anaikulunga n'kuipereka kwa amalume, nati kamtengo kake ndi kanyale kobiriwira zidakali zabwino, ndipo tsiku lina zingapulumutse siwichi ina. Ndikuganiza kuti anachita bwino. Kumene zida zimachokera kutsidya kwa nyanja, chinthu chakufa theka chimakhala nkhokwe ya theka linalo.

Timanja tiwiri tija tinandibweretsera funso limene ndakhala nalo kuyambira ndili mwana m'minibasi. Galimoto ikamaliza kukhota, kamtengo kamabwerera kokha pakati. Kamadziwa bwanji kuti takhota kale? Sikadziwa chilichonse. Pa mtengo wa chiwongolero, umene umazungulira mkati mwa paipi, pali kachitsulo kotuluka kunja. Dalaivala akakankha kamtengo, kadzanja kamodzi kapulasitiki kamalowa m'njira ya kachitsuloko. Chiwongolero chikamazungulira kulowa m'kona, kachitsulo kamakankha kadzanja mbali imene kamagonja, n'kudutsa. Chikamabwerera, kamakakankha mbali imene sikagonja, siwichi yonse n'kudumphira pakati. N'chifukwa chake pa njira yopatuka pang'ono, kapena podutsa galimoto ina, indiketa siizima yokha: chiwongolero sichinazungulire mokwanira kuti kachitsulo kafike pa kadzanja. Dalaivala ayenera kuizimitsa ndi chala, ndipo akaiwala, nyale imanena bodza kwa aliyense wodikira pamphambano yotsatira. Bambowa anati iwo amaopa indiketa yoiwalidwa kuposa yakufa, chifukwa munthu akaona nyale yakufa amadikira, koma akaona yothwanima amaikhulupirira n'kulowa mumsewu.

Chifukwa cha kachitsulo komweko, kuika siwichi yatsopano kunafuna diso. Matayala ali olunjika, kachitsulo kayenera kukhala pakati penipeni pa timanja tiwiri. Kakapendekera, mbali imodzi imazima msanga, inayo siizima konse. Timasikuluu anatimanga mosakakamiza, kuti pulasitiki yatsopanoyo isasweke. Mawaya anawadutsitsa njira yomwe akale anadzera, kutali ndi chilichonse chozungulira, ndipo nsonga zake anazikankhira m'zolumikizira mpaka zinagwira zolimba. Asanabwezere chivundikiro anamanganso batire n'kuyesa: kumanzere, kumanja, kanyale kobiriwira. Anandituma kumbuyo kuti ndiyang'ane pamene amalume akuponda buleki indiketa ikuthwanima, kuti tione ngati nyale ina ikubera inzake moto. Kenako chivundikiro, chiwongolero pa chizindikiro chake, nati yomangidwa zolimba, hutala. Pomaliza anayendetsa galimoto pabwalo, kukhotera uku ndi uko, kumvetsera kamtengo kakudumpha.

Pamene ankayesa ndinafuna batani loyatsira nyale zonse zinayi pamodzi, limene dalaivala amadina galimoto ikafera pamsewu, ndipo sindinalipeze. Galimotoyi inatuluka ku fakitale ilibe mahazadi. Kodi sangaikidwe? Angaikidwe. Pamafunika siwichi yapadera, fulasha wina wotha kunyamula mababu 4, amene ndi mawati 84, ndi waya wodzera pa fyuzi amene amakhala ndi moto ngakhale kiyi atachotsedwa, pakuti galimoto yakufa nthawi zambiri imakhala yozimitsidwa.

Amalume anakana. Safuna kuboola dashibodi, ndipo amafuna galimoto ikhale momwe inabadwira. Ali ndi matrayango awo m'buti, ndipo anati pakavuta nthambi za mitengo zilipo. Ndikumvetsa chikondi chawo pa galimotoyi, ndipo nanenso sindingakonde kuona bowo pa chitsulo chimene chasungidwa bwino chonchi. Koma sindikumvetsa chifukwa chake kufanana ndi 1967 kukhale kofunika kuposa kuoneka usiku pa msewu wa Zomba, pamene malole ndi minibasi zikuthamanga ndipo galimoto yaing'ono yaima theka pa tala. Nthambi siziwala, ndipo trayango amafuna kuti munthu atuluke ayende mumdima kukamuika. Ndinafunsa bambo aja ngati pali njira yosaboola. Anati ilipo: kachitsulo kopinda kamene kamamangidwa kunsi kwa dashibodi pa masikuluu amene alipo kale, siwichi n'kukhala pamenepo, ndipo wofuna kubwezera galimoto mwakale amangomasula. Amalume anati aganiza. Ine ndafunsa kale mtengo wa fulasha wa mababu 4, ndipo ngati avomera ndigula ndine.